Zolemba za mtima wa Kamtedza, mphaka wolondera mbewu ku Ulongwe

14 Juni

Dzana kunabwera dokotala wa ziweto kudzabaya agalu katemera wa chiwewe. Atamaliza ndi agalu, mwana wanga wamkazi anatulukira atanyamula Kamtedza, mphaka amene wakhala akulondera nyumba yosungiramo mbewu ya gulu lathu la alimi kwa zaka 6, n'kupempha kuti nayenso abayidwe. Asanabaye, adokotala anatulutsa chida chawo chomvera mtima n'kuchiika pachifuwa cha mphakayo, kuseri kwa mwendo wakutsogolo wa kumanzere. Kamtedza anayamba kamkonono kake kachisangalalo kaja, moti sankamva kanthu. Anatiuza kuti titsanulire madzi m'beseni pafupi naye. Madzi atangoti chuu, mphaka anatchera makutu, mkonono uja zii. Adokotala anamvetsera nthawi yaitali, akusuntha chidacho pang'onopang'ono chakufupa la pakati pa chifuwa, kenako anati, "Mayi, mtima wa mphaka wanuyu uli ndi kaphokoso."

Anandiika chidacho m'makutu kuti ndimve ndekha. Mtima wa mphaka umathamanga, umagunda maulendo 140 mpaka 220 pa mphindi imodzi, ndiye poyamba ndinkangomva ngati ng'oma yaing'ono ikulira kutali. Nditadekha ndinayamba kumva kuti pakati pa kugunda kuwiri pali kenakake konga munthu akuuzira moto pang'ono, fuu, fuu, fuu.

Anandifotokozera ndi chitsanzo cha ngalande zathu za kudimba. Madzi akamayenda m'ngalande yotakasuka samveka. Koma pakakhala popanikizika, kapena mwala utatsekereza, kapena madziwo akathamanga kwambiri, amayamba kulira. Magazinso n'chimodzimodzi mumtima. Madokotala amapereka nambala ku phokosoli kuyambira 1 mpaka 6. La nambala 1 limamveka movutikira m'chipinda cha zii, la nambala 6 limamveka ngakhale chida chisanakhudze pakhungu, ndipo ukagwira pachifuwa umamva kunjenjemera m'dzanja. La Kamtedza analiika pa 3.

Chimene anabwereza kawiri n'chakuti kaphokosoka si matenda pakokha, ndi chizindikiro chabe. Amphaka ambiri athanzi amakhala nako, makamaka akachita mantha mtima n'kuthamanga. Ena kamabwera chifukwa magazi achepa, ena okalamba chifukwa cha chithokomiro kapena kuthamanga kwa magazi, ena anabadwa ndi kabowo pakhoma la mtima, ndipo ena ndiye minofu ya mtima yakhuthala. Kukula kwa phokoso sikutiuza kukula kwa vuto. Anafunyulula mlomo wa Kamtedza n'kundionetsa usinini wake. Unali wotuwa ngati mkati mwa chinangwa, m'malo mokhala wofiirira.

Ntchito yandigwera ndi iyi: kuwerenga kapumidwe kake tsiku ndi tsiku, kumuyeza pasikelo kamodzi pa sabata, kuyang'ana usinini, kukonza chakudya ndi kuthana ndi utitiri. Adokotala adzabweranso mu Ogasiti. Ndagula kope la ana asukulu, ndipo zonse ndizilemba.

17 Juni

Kuwerenga kapumidwe kumaoneka kophweka munthu usanayambe. Tsiku loyamba ndinapeza 46 pa mphindi, mtima wanga unangoti myuu. Ndinaimbira adokotala usiku womwewo, iwo n'kundifunsa modekha kuti, "Mayi, anali m'tulo kapena anali maso?" Anali maso, atangotsika kumene padenga, akununkhiza poto wa ndiwo. Nambala yotero ilibe ntchito.

Kawerengedwe koyenera n'kotere. Ndimadikira agone tulo tenitenti, osati kungotsinzina uku makutu akuyenda, osatinso pamene akulota miyendo ikugwedezeka. Sindimukhudza, chifukwa ndikangomugwira amayamba kamkonono kaja ndipo kapumidwe kamasintha. Ndimayang'ana nthiti: zikakwera n'kutsika, amenewo ndi mpweya umodzi. Ndimawerenga kwa masekondi 30 pa wotchi ya pafoni, n'kuchulukitsa kawiri. Mphaka wabwinobwino akagona amapuma maulendo osapitirira 30 pa mphindi. Nambala ikamakwera tsiku ndi tsiku, kapena ikadutsa 30 n'kukhala komweko, ndiye nthawi yoimba foni. Ikafika 40 ali m'tulo, kapena akamapuma pakamwa pali yasa, palibe kudikira kuti kuche.

Chifukwa chake chandigwira mtima. Galu wodwala mtima amatsokomola, mwini wake n'kudziwa. Mphaka kawirikawiri satsokomola ayi. Amabisa matenda, amangochepetsa kudumpha, n'kumagona kwambiri, ife n'kumati wakalamba kapena ndi ulesi. Madzi akayamba kudzaza m'mapapo, chimene chimayamba kusintha ndi kapumidwe. Ndiye munthu wopanda makina alionse ali ndi maso ndi wotchi, basi, ndipo n'zokwanira kuti aone vuto likubwera.

Dzulo 26, lero 28. Kulemera kwake pasikelo yathu yoyezera nyemba, titachotsera kulemera kwa dengu, ndi makilogalamu 3.4.

25 Juni

Nkhani ya chakudya yandipweteka, chifukwa cholakwa chinali changa. Chaka chatha tinathira simenti pansi m'nyumba ya mbewu ndi kutseka maenje onse. Makoswe anachepa kwambiri, tonse tinasangalala, koma palibe anaganiza kuti ndiwo ya Kamtedza yatha. Kuyambira pamenepo wakhala akudya zotsala zathu: nsima yonyika mumsuzi wa nyemba, nthawi zina masamba, nsomba mwa apo ndi apo.

Mphaka si galu. Thupi lake linapangidwa kuti lizidya nyama, ndipo pali chinthu china chotchedwa taurine chimene iye sangathe kudzipangira chokwanira m'thupi mwake. Chimapezeka mu nyama, mu nsomba, mu mbewa, ndipo chimachuluka mu mitima ya nyama. Mu nsima ndi nyemba mulibe. Mu 1987 dokotala wa ziweto Paul Pion ndi anzake a pa University of California ku Davis anaonetsa kuti amphaka osowa taurine mtima wawo umatanuka n'kufooka, ndipo akayamba kupatsidwa taurine mtimawo umatha kubwerera mwakale. Kuchokera nthawi imeneyo opanga zakudya za amphaka za m'masitolo anayamba kuonjezeramo taurine wokwanira, matendawo n'kuchepa kwambiri kumaiko amene amagula zakudya zotere. Koma kuno kwathu, kumene mphaka amadya chimene chatsala m'mbale, nkhaniyi sinathe.

China chimene sindinkachidziwa ndi anyezi. Anyezi ndi adyo, kaya zaziwisi kaya zophika, zimaphwanya maselo ofiira a magazi a mphaka. Tsono ndi msuzi uti wa m'nyumba mwanga umene ulibe anyezi? Chaka chathunthu ndakhala ndikumuthirira msuzi umenewu ndi manja angawa, ndikuganiza kuti ndikumukomera mtima.

Ndasintha. Ndikapha nkhuku, mtima ndi nthutumba ndi zake. Pamsika ndapangana ndi mnyamata wina wogulitsa nyama ya mbuzi kuti azindisungira tizidutswa ta mtima ndi mapapo. Chiwindi ndimamupatsa pang'ono, kamodzi pa sabata, chifukwa chikachuluka chimavulazanso. Kapenta wa ku Cahora Bassa ndimamuviika m'madzi kaye kuti mchere uchoke, kenako ndimawiritsa popanda kuthira kanthu, ndipo msuzi wake sinditaya, pakuti taurine amasungunukira m'madzi ophikirawo. Ali ndi kapoto kakekake tsopano, kokhala ndi chigwiriro chimodzi.

Apongozi anga ataona anati, "Anthu akudya nyemba, mphaka akudya nyama?" Funso lawo ndi loona, sindinalinyoze. Ndinawatengera ku nyumba ya mbewu n'kuwaonetsa matumba a chimanga ndi mbewu ya kachewere ya mabanja onse a m'gulu, opanda thumba lobooka ndi limodzi lomwe. Mlonda ameneyu sanalandirepo malipiro.

2 Julayi

Utitiri ndiye unali wochuluka kuposa momwe ndinkaganizira. Ndinamupesa ataima pa pepala loyera, panagwa tinthu takuda tonga fumbi la makala. Nditadonthezera madzi, tinthuto tinasanduka tofiira. Amenewo ndi magazi ake amene utitiri wayamwa.

Apa ndi pamene tikanamupha. Amalume anabwera ndi kabotolo kamene anagula pamsika, wogulitsa atawatsimikizira kuti n'kothandiza ziweto zonse. Ndinatumiza chithunzi cha kabotoloko kwa adokotala ndisanatsegule, ndipo anayankha nthawi yomweyo kuti, "Musayerekeze, Mayi." Munali permethrin, mankhwala ophera tizilombo. Kwa galu mankhwalawa ndi abwino, koma mphaka chiwindi chake chimalephera kuwachotsa m'thupi, amayamba kunjenjemera, kukomoka, mpaka kufa. Dibi wa ng'ombe nayenso sayenera kuyandikira mphaka. Anatitumizira mankhwala a fipronil opangira amphaka, odontheza pakhungu la kumbuyo kwa khosi pamene sangathe kudzinyambita, ndi mankhwala a njoka zam'mimba oyezera pa kulemera kwake. Masaka amene amagonapo tawawiritsa, ndipo pansi ponse tasesa n'kutentha zinyalalazo, popeza mazira a utitiri amakhala m'fumbi.

Ndilembenso ichi kuti aliyense m'nyumba muno achione: panado sapatsidwa kwa mphaka. Piritsi limodzi lokha likhoza kumupha.

20 Julayi

Kukuzizira kwambiri, m'mawa udzu ukuchita kuyera. Akugona pafupi ndi mafuwa. Sabata ino 24, 26, 24, 22, 25, 24, 26. Makilogalamu 3.7. Usinini wayamba kufiira. Dzulo wagwira khoswe kukhola la nkhumba n'kudzamuika pakhomo.

4 Ogasiti

Lero sindilemba za Kamtedza. Mphunzitsi wina wa ku Domue, amene anamva kwa mlongo wake kuti ndikusunga kope lotere, anandiimbira m'mamawa mawu akunjenjemera. Mphaka wawo wamwamuna wa zaka pafupifupi 9 anagona bwinobwino, koma chakum'bandakucha analira kulira kumene sanamvepo. Atayatsa tochi anamupeza akudzikoka ndi miyendo yakutsogolo, yakumbuyo ikukwekwereka pansi. Anthu oyandikana nawo atafika ena anati wina wam'menya ndi mtengo pamsana, ena anayamba kutchula za ufiti ndi maina a anthu.

Ndinawafunsa zimene adokotala anandiphunzitsa tsiku loyamba lija. "Aphunzitsi, tagwirani mapazi akumbuyowo, n'kugwiranso akutsogolo." Anati akumbuyo ndi ozizira ngati mwala wa kumtsinje, ndipo tizikhatho take n'totuwa, pamene akutsogolo ndi ofunda. Akupuma pakamwa.

Zimenezi zimachokera mumtima. Minofu ya chipinda chachikulu cha kumanzere ikakhuthala, chipindacho chimalephera kulandira magazi bwino, ndiye chipinda cha pamwamba pake chimafufuma chifukwa magazi akuunjikana. Magazi oyenda pang'onopang'ono amaundana. Tsiku lina kachibuma ka magazi kamathothoka n'kuyenda mumtsempha waukulu wotsikira kumbuyo, mpaka kukatsakamira pamphanda pamene mtsemphawo umagawikira ku miyendo iwiri. Magazi sapitanso kumiyendo, ndipo ululu wake ndi woopsa. Kawirikawiri mwini mphaka amakhala asanaonepo chizindikiro chilichonse, pakuti amphaka ena odwala chonchi mtima wawo sukhala n'kaphokoso komwe.

Ndinawapatsa nambala ya adokotala, koma mphakayo anafa dzuwa lisanafike pamutu. Aphunzitsiwo anandiimbiranso madzulo. Anati chimene chawatonthoza n'chakuti atha kuuza ana awo ndi anansi kuti palibe munthu amene anachita zimenezi, ndipo mkangano umene unayamba kufuka pakati pa mabanja awiri wazima.

Usiku umenewu ndadzuka katatu kukagwira mapazi a Kamtedza. Ofunda onse anayi.

19 Ogasiti

Adokotala abwera monga analonjezera. Makilogalamu 4.1, ubweya ukuwala, usinini wofiirira bwino. Anatsegula kope langa n'kuwerenga tsamba ndi tsamba, akulondoloza ndi chala, ndipo anati nambala yake ya masiku onse ndi pakati pa 22 ndi 28. Anati imeneyi ndiisunge m'mutu, chifukwa mphaka aliyense ali ndi yake, ndipo kwa Kamtedza 32 ikhala kale nkhani ngakhale kwa wina ingakhale yaing'ono.

Kenako anamvetsera mtima. Ndinkayembekezera kumva kuti kaphokoso katha. Sikanathe. Katsika kufika pa 2, ndipo anati akamudikira kuti akhazikike mtima n'kuyamba kugunda pang'onopang'ono, kamatsala pang'ono kuzimirira, koma akadzidzimuka kamabwerera. Ndiye gawo lina linali la kuchepa kwa magazi, ndipo limenelo takonza. Gawo latsalali likhoza kukhala lopanda vuto, kapena likhoza kukhala chiyambi cha kukhuthala kwa minofu kuja, kumene madokotala amakutcha HCM. Ndiwo matenda a mtima ofala kwambiri mwa amphaka, amapezeka mwa mphaka mmodzi pa amphaka pafupifupi 7, ndipo amakonda aamuna ndi okulirapo. Ambiri mwa iwo amakhala zaka ndi zaka osadwala. Khutu lokha silingasiyanitse. Chofunika ndi sikani, yonga imene amaunikira amayi oyembekezera, kuti aone makoma a mtima ndi kukula kwa chipinda cha pamwamba chija.

Ndinafunsa ngati sangangotipatsa mankhwala a mtima kuti tiyambiretu. Anakana, ndipo ndagwirizana nawo. Mankhwala ochotsa madzi m'thupi, furosemide, ndi a mphaka amene madzi alowa kale m'mapapo. Kwa amene alibe vutolo amangoumitsa thupi ndi kulemetsa impso. Oletsa magazi kuundana, clopidogrel, amaperekedwa sikani ikaonetsa kuti chipinda chija chakula. Kumwetsa mongoganizira n'kuponya mwala mumdima muli ana.

Tinakambirananso zomufula. Kamtedza ndi wosafula, ndipo amayendayenda usiku n'kubwera ndi mabala. Tinkafuna tichite chaka chino, koma kugoneka mphaka ndi mankhwala mtima wake usakudziwika bwino n'kuika moyo wake pachiswe. Taimika kaye.

Za komwe tingapeze sikaniyo takambirana nthawi yaitali ndi bambo a kunyumba. Maputo, kumene kuli sukulu ya madokotala a ziweto ya Universidade Eduardo Mondlane, ndi kutali kosayerekezeka. Kwa ife a ku Angónia, Lilongwe ili pafupi kuposa mzinda wa Tete womwe, kungodutsa pa Calomue ndi Dedza, koma chiweto sichiwoloka malire popanda zikalata. Adokotala alonjeza kufunsa anzawo mbali zonse ziwiri. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ulendowo: maola ambiri m'chapa, minibasi ya kuno, yodzaza, m'dengu, phokoso ndi fungo la petulo. Mantha okha amatha kugwetsa mphaka wa mtima wofooka. Bambo a kunyumba anati, "Amake mwana, kuona maso a nkhono n'kudekha. Pitirizani kuwerenga, ndalama tiziika pambali tikagulitsa kachewere." Tatero.

9 Seputembala

Palibe chachilendo. 23 mpaka 26. Ndaphunzitsa mwana wanga kuwerenga, ndipo masiku amene ndili kudimba akulemba ndi iye. Zolemba zake n'zaudongo kuposa zanga, amalembanso malo amene mphaka anagona.

22 Okutobala

Usiku wa dzana unali woipa. Kunatentha tsiku lonse, kutentha kwa mwezi uno kumene ngakhale kuno kumtunda kumatifooketsa, ngakhale sikufika kwa ku Tete kumene kumadutsa madigiri 40. Kamtedza anatsekeredwa mwangozi m'nyumba ya mbewu kuyambira masana, pansi pa malata, popanda madzi. Amene anatseka sanamuone, anali atagona kuseri kwa matumba. Titatsegula chakumadzulo anatuluka ali wefuwefu, pakamwa pali yasa, lilime panja.

Mphaka sapuma pakamwa ngati galu popanda chifukwa. Ndinaimba foni manja akunjenjemera. Adokotala anali kutali, ku Tsangano, ndipo anandiuza kuti ndisamunyamule, ndisamukakamize kumwa, ndisamuthire madzi, ana onse achoke. Ndimuike pa simenti yozizira m'chipinda cha mdima, mbale ya madzi pafupi, zenera lotsegula, ine ndikhale patali n'kumayang'ana. Agogo anabwera ndi mapiritsi awo ochotsa madzi amene amalandira kuchipatala, ati, "Mwanawe, mupatse kachidutswa, ine amandithandiza." Ndinawathokoza, koma ndinawauza kuti adokotala aletsa, chifukwa ngati vuto ndi kutentha ndi ludzu, mapiritsi amenewo angomumaliza.

Patatha mphindi 10 anatseka pakamwa. Anamwa madzi yekha. Atagona ndinawerenga 42. Patapita ola limodzi 36. Pakati pa usiku 31. Ndinakhala pamkeka ndi tochi yophimba ndi chitenje kuti kuwala kusamudzutse, ndikuyang'ana nthiti zija zikukwera ndi kutsika, ndipo mimba yake sinkakoka mwamphamvu monga amachitira amene madzi ali m'mapapo. Tambala woyamba akulira ndinapeza 27. M'mawa anadya kapenta wake yense.

Adokotala anafika dzulo masana. M'mapapo mulibe phokoso la madzi, mtima ukugunda mwadongosolo, kaphokoso kali pa 2 pomwe paja. Anati nambala zotsika zokha popanda mankhwala zikuonetsa kuti kunali kutentha ndi mantha. Kope lija likanapanda kukhalapo, sitikanadziwa kuti 27 ndi kubwerera mwakale.

Tasintha zinthu ziwiri. Taboola kakhomo kakang'ono m'munsi mwa chitseko cha nyumba ya mbewu, kokhala ndi kachitseko kolendewera ka lata, ndipo mkatimo mukhala mbale ya madzi nthawi zonse. Wotseka aliyense aziyamba waitana mphaka.

16 Novembala

Kachewere tagulitsa, ndalama ya ulendo yakwana theka. Adokotala apeza mnzawo amene ali ndi sikani yonyamula m'manja, ndipo akukambirana zoti mwina adzabwere nayo kuno akamadzayendera ng'ombe za mkaka, kuti mphaka asayende ulendo. Tsiku silinadziwike. Ngati zitheka, aphunzitsi a ku Domue aja akufuna kubweretsa mphaka wawo wina, m'bale wake wa amene anafa uja, chifukwa matendawa amatha kuyenda m'mtundu. Mabanja atatu a m'gulu lathu ayamba nawonso kuwerenga kapumidwe ka amphaka awo, ndipo awiri asiya kuwathirira msuzi wa anyezi.

Zotsala: sikani, kenako chigamulo cha zomufula. Mankhwala a utitiri abwerezedwe kumapeto kwa mwezi uno, a njoka zam'mimba mu Disembala. Adokotala akufunanso kudzamuyeza magazi a chithokomiro akamakwanitsa zaka 8.

Mvula yoyamba yagwa dzulo madzulo. Ngumbi zinatuluka pachulu cha kuseri kwa khola, ndipo Kamtedza anakhala akuzidumphira pansi pa nyale mpaka ana atagona. Sanapume pakamwa. Atagona pa saka lake ndinadikira mphindi 20 ndisanawerenge. Makilogalamu 4.2, mapazi ofunda, kapumidwe 24.